Newstead Abbey: nyumba imene Chuma ndi Susi anajambulidwirako mu 1874

Mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Nottingham ku England watilembera. Akuti anaona chithunzi chakale cha James Chuma ndi Abdullah Susi, amuna amene anatsogolera gulu lonyamula mtembo wa David Livingstone, ndipo pansi pake panalembedwa kuti chinajambulidwa ku Newstead Abbey mu 1874. Atafunsa anzawo kuntchito anamva kuti malowo ali pafupi ndi kumene akukhala. Funso lawo ndi lakuti: kodi ndi tchalitchi kapena nyumba ya munthu? Mwini wake anali ndani, nanga anthu akwathu anakafikako bwanji? Kodi ndi malo oti munthu n'kupita nawo ana?

Zikomo mayi, ndipo anawo pitani nawoni ndithu. Newstead ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 19 kumpoto kwa Nottingham. Inayamba ngati nyumba ya ansembe, ndipo inakhala choncho zaka pafupifupi 370. Kenaka inasanduka nyumba yokhalamo mabanja olemera, atatu motsatizana: a Byron, a Wildman ndi a Webb. Kuyambira 1931 ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wanu womwewo. Alendo ambiri amapitako chifukwa cha mlakatuli Lord Byron, ndipo ndiye amene mudzamumve kwambiri m'kamwa mwa oonetsa malo. Koma zambiri zimene maso anu adzaone sanamange ndi iye. Ine ndikamayenda m'nyumba zoterezi ndimafunsa chinthu chimodzi pa mwini wake aliyense: ndalama zomangira anazitenga kuti? Ku Newstead funso limeneli ndi limene lingakufikitseni ku Jamaica, kenaka kumtsinje wa Shire.

Anaikhazikitsa ndi Mfumu Henry II cha m'ma 1170, mkati mwa nkhalango ya Sherwood imene nthawiyo inali malo osakirako nyama a mfumu. Okhalamo anali ansembe a chipani cha Augustino Woyera. Sanali ochuluka, ndipo poyerekeza ndi nyumba zina za ansembe za m'dzikomo iyi sinali yolemera. Anamanga mwachizolowezi cha nthawiyo: bwalo la ngodya zinayi pakati, makonde kuzungulira bwalolo, tchalitchi mbali yakumpoto, ndipo mbali zinazo chipinda chodyera, chogona ndi chochitira misonkhano. Madzi a mtsinje wa Leen anawatchinga n'kupanga maiwe owetera nsomba za masiku osala nyama. Musungeni m'mutu kamangidwe kameneka, chifukwa mpaka lero mukamayenda m'nyumbamo mumazungulira bwalo lomwelo, m'makonde omwewo.

Mfumu Henry VIII itakangana ndi Papa n'kudziika kukhala mutu wa mpingo wa England mu 1534, inatseka nyumba za amonke ndi masisitere zoposa 800 pakati pa 1536 ndi 1540, n'kulanda malo awo. Newstead inatsekedwa mu 1539. Chaka chotsatira mfumu inaigulitsa kwa Sir John Byron wa ku Colwick pa mtengo wa mapaundi 810. Iyeyu sankafuna tchalitchi, ankafuna nyumba. Tchalitchicho anachigumula, koma khoma lakumaso, lomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, linasiyidwa chiimire. N'chifukwa chake pachithunzi malowo amaoneka ngati tchalitchi. Mukafika mudzaona khoma lalitali losemedwa mwaluso, zenera lalikulu lopanda galasi, chifanizo cha Maria atanyamula mwana pamwamba penipeni. Mukazungulira kumbuyo mupeza kapinga basi. Kuti chiphunzitso chisinthe kunali kukangana kwa mafumu ndi mabishopu, koma amene anapindula anali mabanja ngati a Byron, amene anagula minda ya mpingo motchipa. Nyumba zambiri zakumudzi za anthu olemera ku England zinayamba motere.

Pali kanthu kamodzi ka ansembe aja kamene kanapulumuka modabwitsa. M'zaka za m'ma 1700 anavuula m'dziwe lina pamalopo choikapo Baibulo chamkuwa chopangidwa ngati chiwombankhanga. Anthu amati ansembe ndiwo anachiponya m'madzi kuti anthu a mfumu asachitenge. Lero chili m'tchalitchi chachikulu cha m'tauni ya Southwell, m'chigawo chomwecho, ndipo dziwelo limatchedwa Eagle Pond.

A Byron anakhala ndi nyumbayi zaka pafupifupi 280. Pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640 anaima kumbali ya Mfumu Charles I, ndipo mu 1643 mfumuyo inapatsa John Byron ulemu wa ubwana wotchedwa Baron, umene umasiyiridwa kwa mwana. Amene anagwetsa banjali ndi William, Baron wachisanu. Anali munthu wa matama ndi womwaza chuma. Anamanga timalinga ta masewera m'mbali mwa nyanja ya pamalopo, n'kumachititsa antchito ake nkhondo zongoyerekeza pa timabwato tokhala ndi mizinga. Mu January 1765, pa phwando m'nyumba ina yomwera mowa ku London, anakangana ndi mbale wake William Chaworth, amenenso anali woyandikana naye malo, pa nkhani ya kasungidwe ka nyama zosaka. Analowa m'chipinda cha mdima pang'ono ndi malupanga, Chaworth anabayidwa n'kufa m'mawa mwake. Mlandu unazengedwa ndi mabwana anzake a m'nyumba ya malamulo ya House of Lords. Anamupeza wolakwa pa kupha mosakonzekera, koma chifukwa cha udindo wake anamasulidwa osapatsidwa chilango. Ngongole zitamuthina anagwetsa mitengo ikuluikulu ya pamalopo n'kugulitsa matabwa, anagulitsa zithunzi ndi mipando, denga linayamba kudontha osakonzedwa. Mwana wake anamwalira iye ali moyo, mdzukulu wake anaphedwa kunkhondo ku Corsica mu 1794, choncho mkuluyo atafa mu 1798 zonse zinagwera kamnyamata ka zaka 10 kamene kankakhala ndi mayi ake ku Aberdeen movutikira. Ameneyo ndiye George Gordon Byron, mlakatuli uja.

Za iyeyu ndingodutsamo, chifukwa kumeneko akakuuzani zambiri. Ali mwana nyumba inachititsidwa lendi. Anayamba kukhalamo mu 1808, ndipo anachita zimene munthu amachita kwathu ndalama zikathera pamalinta: kufolera chipinda chimodzi n'kulowamo, zina zonse zili pamtetete. Anakonza zipinda zochepa, holo yaikulu ankaphunziriramo kuombera mfuti, ankaweta chimbalangondo, ndipo chigaza cha munthu chimene chinafukulidwa pamalopo anachisandutsa chikho chomwera vinyo. Galu wake Boatswain atafa ndi chiwewe mu November 1808 anamumangira chiliza chachikulu pamene panali tchalitchi paja, ndipo m'wilo yake ya 1811 analemba kuti nayenso adzamuike pomwepo. Ana anu akachikonda chilizachi. Koma Byron sanagone pamenepo. Anachoka ku England mu 1816 osabwereranso, anakafera ku Missolonghi m'dziko la Greece mu April 1824 ali ndi zaka 36, akuthandiza Agiriki kumenyera ufulu wawo. Akuluakulu a Westminster Abbey, tchalitchi cha ku London choikamo anthu otchuka, anakana mtembo wake chifukwa cha mbiri ya makhalidwe ake, choncho unakaikidwa m'tchalitchi cha ku Hucknall, pafupi ndi Newstead. Mwana wake Ada Lovelace, amene a makompyuta amamulemekeza ngati mmodzi mwa oyambitsa luso lawo, anaikidwa pambali pake mu 1852.

Chofunika kwa ife ndi kugulitsidwa kwa nyumbayo. Byron anayesa mu 1812. Munthu wina dzina lake Thomas Claughton analonjeza mapaundi 140,000 koma analephera kumaliza kulipira. Kumapeto kwa 1817 anapeza wogula weniweni, mnzake wakusukulu ya Harrow, Thomas Wildman, pa mapaundi 94,500.

Wildman anali msilikali, anamenya nawo nkhondo ya ku Waterloo mu 1815. Koma malipiro a usilikali sakanagula Newstead. Chuma chake chinali cholowa chochokera kwa bambo ake: munda wa nzimbe wotchedwa Quebec, m'dera la St Mary pa chilumba cha Jamaica, wolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Ntchito ya shuga inali yakalavula gaga kuposa zina zonse za ukapolo. Nzimbe ikadulidwa iyenera kufinyidwa msanga isanayambe kusasa, choncho nyengo yokolola zigayo ndi ng'anjo zowiritsira madzi a nzimbe zinkagwira usana ndi usiku, anthu akudulidwa manja m'zigayomo, ena kupsa ndi madzi otentha. Ku Jamaica akapolo omwalira ankachuluka kuposa ana obadwa. Ndalama za shuga ameneyo ndi zimene zinagula Newstead, ndipo zina pafupifupi mapaundi 100,000 zinalowa pa kuikonza.

Ndipo anaikonzadi bwino, izi tisabise. Mothandizidwa ndi katswiri wa zomangamanga John Shaw, Wildman anafolera denga, anakonza holo yaikulu n'kuikuta ndi matabwa osemedwa, anasintha khomo lolowera, anamanga nsanja yatsopano imene anaitcha Sussex Tower polemekeza bwana wake Duke wa ku Sussex, mwana wa Mfumu George III. Anadzalanso mitengo pamene William uja anagwetsa. Chipinda chogona cha Byron anachisunga monga chinalili, ndi bedi lake lomwe, n'kumalandira alendo obwera kudzaona kumene mlakatuliyo ankakhala. Mwambo wokaona Newstead ngati malo a Byron anauyambitsa ndi iye. Pakanapanda Wildman, mwina lero pakanakhala mulu wa miyala. Koma pakanapanda anthu a ku Quebec aja, amene sanaionepo Newstead ndi maso awo, Wildman sakanaika ngakhale njerwa imodzi.

Dziko la Britain litakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo mu 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi. Ndalamazo zinapita kwa eni akapolo, osati kwa akapolo. Omasulidwawo anakakamizidwanso kugwirira ntchito mabwana awo akale mpaka 1838, ati akuphunzira ufulu. Wildman analandira mapaundi oposa 4,000 chifukwa cha anthu oposa 200 a pamunda wake. Izi si mphekesera: kaundula wa malipirowo alipo, ndipo University College London inaika mayina a olandira pa intaneti. Mutha kulemba dzina lake nokha n'kuona. Shuga atagwa mtengo, chuma cha Wildman chinachepa. Anamwalira mu 1859, ndipo mkazi wake anagulitsa nyumbayo.

Apa ndi pamene nkhani ikutembenukira kwathu. Wogula mu 1861 anali William Frederick Webb, munthu wa minda ndi migodi ya malasha kumpoto kwa England. Ali mnyamata anapita kummwera kwa Africa kukasaka nyama zikuluzikulu, ndipo kumeneko, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, anadwala kwambiri. Amene anamuthandiza anali dokotala wamishoni David Livingstone. Webb sanaiwale. Atagula Newstead anaikamo nyali za gasi ndi zotenthetsera zipinda, anakongoletsa katchalitchi kamene kali m'chipinda cha misonkhano cha ansembe aja, ndipo makoma anawadzaza ndi nyanga, mitu ndi zikopa za nyama zimene anapha ku Africa.

Kuti mumvetse chimene chinamufikitsa Livingstone kumeneko, kumbukirani mmene analili mu 1864. Sanali ngwazi imene timaphunzira kusukulu. Ulendo wake wa ku Zambezi, umene boma la Britain linalipira kuyambira 1858, anthu ambiri ankauona ngati wolephera. Mathithi a Cahora Bassa anatseka njira ya Zambezi, ndipo mathithi a Shire nawo anakaniza sitima kukwera. N'zoona kuti anafika ku nyanja ya Chilwa ndi ku nyanja yathu yaikulu mu 1859, koma zotsatira zake zinali maliro okhaokha. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakhazikitsa mishoni ya Anglikani ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) ku Magomero mu 1861, anafa ndi malungo mu January 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mkazi wa Livingstone, Mary, anamwalira ku Shupanga mu April chaka chomwecho. Chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinasakaza chigwa cha Shire mwakuti mitembo inkayandama mumtsinje. Mu 1863 boma linamuitanitsa. Sitima yake ya Lady Nyassa, imene anagula ndi ndalama za m'thumba mwake kuti ikayende panyanja yathu, sinafikeko n'komwe. Pokana kuigulitsa kwa anthu amene akanainyamulira akapolo, anaiyendetsa yekha kuoloka nyanja ya mchere mpaka ku Bombay, m'dziko la India. M'sitimamo munali Chuma ndi Susi.

Anafika ku London mu July 1864, wamasiye, wopanda nyumba yakeyake, ana ake akusungidwa ndi achibale ku Scotland. A Webb anamuitana pamodzi ndi mwana wake wamkazi Agnes. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma uyu anafika mu September 1864 n'kuchoka mu April 1865. Ntchito yake inali imodzi: kulemba buku la ulendo wa ku Zambezi ndi Shire, kuchokera m'zolemba zake ndi za mng'ono wake Charles. Agnes ankathandiza kukopera. Bukulo linatuluka mu 1865. Mayina amene inu ndi ine timawadziwa, Chibisa, Mankhokwe, Magomero, Zomba, Mulanje, Nkhotakota, analembedwa patebulo la m'nyumba imeneyo, ngakhale kalembedwe kake kanali kachingerezi. M'bukumo muli Amang'anja akulima thonje ndi kusula zitsulo, muli anthu omangidwa m'magoli, mulinso chiwerengero chimene Livingstone anamva kwa Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, chakuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Linadzudzula Apwitikizi mosabisa mawu.

Tsono chipinda chimene anamupatsa chinali mu Sussex Tower, nsanja ija anamanga Wildman ndi ndalama za nzimbe. Buku lodzudzula malonda a akapolo a kum'mawa kwa Africa linalembedwa pansi pa denga lofoleredwa ndi thukuta la akapolo a ku Jamaica. Sindikunena izi kuti timuseke Livingstone, kapena kumuyesa wachiphamaso. Iye mwini kuyambira ali ndi zaka 10 ankagwira ntchito m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, m'nthawi imene thonje lambiri la m'mafakitale a Britain linkalimidwa ndi akapolo ku America, ndipo ankazidziwa. N'chifukwa chake ankalimbikira zoti thonje lilimidwe ndi anthu aufulu m'chigwa cha Shire. Chimene nsanjayo imandisonyeza n'chakuti mu Britain wa nthawiyo ndalama za ukapolo zinali zitalowa m'makoma, moti ngakhale wodana nawo ankagona m'chipinda chomangidwa nazo. Ndipo buku lomwelo, pamodzi ndi maliro a mwini wake, linakokera maso a Britain kwathu: mishoni ya Livingstonia inafika ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, kampani ya African Lakes mu 1878, ndipo mu 1891 dziko linali pansi pa ulamuliro wa Britain. Kutha kwa magoli ndi kubwera kwa atsamunda zinalowera khomo limodzi.

Tsopano anthu awiri a pachithunzi chanu. Chuma anali Myao. Ali kamnyamata anamasulidwa m'manja mwa ogwira akapolo mu 1861 ndi gulu la Livingstone ndi Mackenzie kumapiri a Shire, ndipo anakhala pamishoni ya Magomero. Susi anali wa ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, ndipo anayamba ntchito kwa Livingstone pa ulendo womwewo. Pamene Livingstone anali ku Newstead, iwo anali ku Bombay: Chuma pasukulu yamishoni, Susi akugwira ntchito kudoko. Livingstone anawatenganso pa ulendo wake womaliza umene unayamba mu 1866. Anadutsanso kwathu, mnzake wa Chuma, Wikatani, anatsalira kwa Mponda kummwera kwa nyanja. Pa ulendo umenewu Livingstone sanaiwale amene anamusunga: chigawo china cha mtsinje wa Lualaba anachitcha dzina la Webb.

Livingstone anamwalira kumayambiriro kwa May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Zimene zinachitika pambuyo pake anaganiza ndi anthu ake okha, popanda mzungu wowalamula. Anachotsa zam'kati n'kuzikwirira pansi pa mtengo, thupi analithira mchere n'kuliumitsa padzuwa, analikulunga m'nsalu ndi khungwa, n'kuyamba ulendo wa makilomita oposa 1,500 kupita ku Bagamoyo, doko la m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kunyamula mtembo kudutsa m'midzi ya eni inali nkhani yoopsa, ndipo penapake anachita kuubisa ngati mtolo wa katundu. Anali gulu la anthu makumi angapo, amayi ali momwemo, ndipo ena anafera m'njira. Anafika kugombe mu February 1874 ali ndi mtembo, mabuku ndi mapu. Kumeneko akuluakulu a Britain anawalipira n'kuwabalalitsa. Amene anakwera sitima ndi bokosi anali Jacob Wainwright, wodziwa kulemba Chingerezi. Pa maliro a ku Westminster Abbey pa 18 April 1874, m'tchalitchi chomwe chija chinakana Byron, Wainwright ananyamula nawo bokosi, Webb wa ku Newstead nayenso. Chuma ndi Susi panalibe.

Anafika patapita masabata angapo, ulendo wawo atalipira James Young, mnzake wa Livingstone amene analemera ndi mafuta a palafini. Chifukwa chowaitanira sichinali ulemu wokha. Horace Waller, amene anali ku Magomero mu 1861 ndipo ankamudziwa Chuma kuyambira ali mwana, anapatsidwa ntchito yokonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zisindikizidwe. Zolembazo zinathera mu April 1873, dzanja la mwini wake litafooka. Za masiku omaliza, za imfa, za ulendo wonse wa mtembo, panalibe wina wozidziwa koma amene analipo. Choncho anakhala pansi ndi Waller n'kumafotokoza, kutchula mitsinje ndi midzi, kuwongola mapu. Mu June 1874 anali ku Newstead, ndipo chithunzi chanu chinajambulidwa panja pa nyumbayo: Chuma, Susi, Waller, Agnes ndi mlongo wake Tom, pamodzi ndi mabuku ndi katundu wa malemuyo. Nkhani yotchuka ija yakuti Livingstone anapezeka atafa chogwada pambali pa bedi inafika kudziko lonse kudzera m'kamwa mwa anthu amenewa ndi cholembera cha Waller. Ofufuza amene anayerekeza zolemba zenizeni ndi zosindikizidwa anapeza kuti Waller anachotsa ndi kusalaza zambiri kuti Livingstone aoneke woyera mtima. Chuma ndi Susi nawo anawasandutsa antchito okhulupirika basi, pamene kwenikweni anali atsogoleri a ulendo, odziwa zilankhulo, odziwa kukambirana ndi mafumu. Umboni wake ndi zimene anachita atabwerera. Chuma anagwira ntchito ndi UMCA, kenaka anatsogolera onyamula katundu pa ulendo wa wofufuza malo Joseph Thomson wa 1879 mpaka 1880 wopita kunyanja za Malawi ndi Tanganyika. Anamwalira ku Zanzibar mu 1882 akadali wachinyamata. Susi anagwirapo ntchito ndi wofufuza malo wina, Henry Morton Stanley, ku Congo, ndipo anamwalira mu 1891. Mukawafotokozera ana, ayambireni pamenepa.

Zotsala za nyumbayo n'zachidule. Mgodi wa malasha wa Newstead unakumbidwa chapafupi mu 1874, ndipo pambali pake panamangidwa mudzi wa anthu apamgodi. Unatsekedwa mu 1987. Webb anamwalira mu 1899, malowo n'kumapatsirana ana ake. Mmodzi wa iwo, Ethel, ndiye anakonza munda wa kalembedwe ka ku Japan umene uli kumunsi kwa nyanja. Koma nthawi ya nyumba zoterezi inali ikutha. Msonkho wa chuma chamasiye unakhazikitsidwa mu 1894 n'kumakwera, minda inasiya kupindula monga kale, ndipo nkhondo ya 1914 itatha achinyamata sankafunanso kukhala antchito a m'nyumba za mabwana. Nyumba yotere imafuna ophika, ochapa, osonkha moto m'zipinda, osamalira akavalo ndi olima maluwa ambirimbiri; akachoka amenewo, imayamba kugwa. M'chigawo chanu chomwecho Nuthall Temple inagumulidwa mu 1929, Clumber House mu 1938. Newstead inapulumuka chifukwa cha dzina la Byron. Mdzukulu wa Webb, Charles Ian Fraser, anaigulitsa kwa Sir Julien Cahn, wamalonda a mipando ndi wokonda masewera a kiriketi, amene anaipereka ngati mphatso kwa mzinda wa Nottingham mu 1931. Pamwambowo panabwera nduna yaikulu ya Greece, Eleftherios Venizelos, chifukwa kwawo Byron amamutenga ngati ngwazi ya ufulu.

Kukhala m'manja mwa khonsolo kuli ndi ubwino ndi kuipa kwake. Ubwino ndi wakuti aliyense amalowa, ndipo inunso monga wokhoma msonkho mumzindamo muli ndi gawo lanu. Kuipa ndi kwakuti khonsolo yomweyo iyenera kusamalira okalamba, misewu ndi zinyalala, ndipo khoma la zaka 700 silikhala patsogolo pa mndandanda. Khoma lakumaso lija linafika poikidwa m'kaundula wa zomangidwa zakale zimene zili pachiopsezo, ndipo mu 2012 bungwe la World Monuments Fund linaika Newstead pa mndandanda wake wa malo ofunika kupulumutsidwa. M'zaka zaposachedwa magulu a anthu akuda a mu Nottingham, ambiri a iwo a makolo ochokera ku Jamaica, akhala akulimbikira kuti mbiri ya Wildman ndi munda wa Quebec izinenedwa poyera pamalopo. Mbali ya Chuma ndi Susi ikufunanso eni ake oikankha chimodzimodzi, ndipo Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Mozambique okhala kumeneko ndi amene angatero.

Pa za ulendo wanu: malowo ali m'mbali mwa msewu wa A60 wopita ku Mansfield, pa Ravenshead. Mukapita pa basi dziwani kuti kuchokera pageti kukafika panyumba pali mtunda woposa kilomita imodzi, choncho ana avale nsapato zoyendera. Minda ndi nyanja, maekala pafupifupi 300, zimatsegulidwa kawirikawiri kuposa nyumba yeniyeniyo, ndiye funsani masiku musananyamuke. Chithunzi chija chisindikizeni mupite nacho, muwaonetse ogwira ntchito kumeneko, muwafunse za Livingstone ndi Sussex Tower, chifukwa mukapanda kufunsa akakuyendetsani m'njira ya Byron yokha. Ngati nthawi ilipo, Hucknall ili pafupi pobwerera ku Nottingham; Southwell ndi chiwombankhanga chake musiyire tsiku lina.